Dzina la bizinesi nalonso lifuna white book

Palibe munthu wanzelu mu Lusaka amene angapeleke ndalama za minibasi asanaone white book. Olo wogulitsa akhale mlamu wako, olo mumapemphela chalichi imodzi, umafuna kalata ya malonda yosainidwa, ndipo umapita ku RTSA kukasintha dzina. Ukapanda kutelo udzayendetsa basi zaka zitatu, udzagula matayala, udzakonza injini, koma tsiku la mkangano pepala lidzakamba kuti motoka ni ya uja anakugulitsa. Izi ba dilaiva na ba kondakita amazidziwa bwino kupambana ise a m'maofesi.

Cimene cimanidabwitsa n'cakuti nzelu imeneyi timaisiya pa siteshoni. Tikafika pa dzina la shopu, logo ya pa cikwangwani, lebulo ya pa botolo, kanyimbo kotsatsila malonda kapena peji ya Facebook, timapatsana na kugulitsana pakamwa cabe. Timati, "Tengani, ni vanu." Koma lamulo la Zambia limaona zinthu zimenezi monga katundu, cimodzimodzi na motoka kapena nyumba, ndipo zina mwa izo sizicoka kwa munthu kupita kwa wina popanda kulemba na kusaina. Ndalama ungalipile, mboni zingakhalepo, koma umwini utsala kumene unali.

Nkhani imeneyi yakula manje cifukwa ca CDF. Mu 2022 boma linakweza thumba limeneli kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mu bajeti ya 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi limapita ku makilabu a azimai, magulu a acinyamata na makopaletivu, zina monga thandizo, zina monga nkhongole yoyambila bizinesi. Gulu lililonse limene layamba kugulitsa cinthu limafuna dzina, ndipo dzina likalembetsedwa limakhala na mwini wake pa pepala, kaya gulu lidziwa kaya silidziwa.

Tiyeni titenge Rufunsa, pakuti ambili a ise tili na abale kumeneko kapena timapitapo popita kumudzi kum'mawa. Ni disitilikiti ya mu Lusaka Province, imene inadulidwa ku Chongwe m'nthawi ya ulamulilo wa a Michael Sata. Ukatsata Great East Road, kupitilila Chongwe na madzi otentha a ku Chinyunyu, umafika pa Rufunsa pambuyo pa makilomita pafupifupi 150, usanafike pa mlatho wa Luangwa. Ni dziko la Asoli, pansi pa mafumu Bunda Bunda, Mpanshya na Shikabeta. Msika wake waukulu ndise a mu Lusaka, ndipo katundu amene timam'dziwa kwambili wocokela mumsewu umenewu ni malasha.

Lomba thumba la malasha lilibe dzina. Palibe amene amafunsa kuti anaocha ndani. Umaona kukula kwa thumba, mumakambilana mtengo, kwatha. Koma munthu akasiya malasha n'kuyamba kuika uci m'botolo, kupanga sopo, kugaya nshawa kapena kutsegula malo odyela a anthu a paulendo, zinthu zimasintha. Kasitomala wa ku Chelstone nkhope ya wopanga sanaionepo. Cimene cimam'bweletsanso ni dzina la pa botolo. Onani It's Wild!, dzina limene bungwe la COMACO limagulitsila mpunga, uci na peanut butter wocokela kwa alimi a kucigwa ca Luangwa. Mlimi ali ku Chama kapena ku Lundazi, koma cimene cimam'kambila pa shelefu ya supamaketi ni dzina.

Apa m'pamene imwe okwela minibasi mulowa m'nkhani. Likulu la PACRA, bungwe limene limalembetsa maina a bizinesi, makampani na ma trade mark, lili ku Longacres. Makina osindikiza malebulo ali m'tauni. Laputopu na intaneti yabwino zili kuno. Conco wa ku Rufunsa amatuma m'bale wa mu Lusaka: "Mwana wanga, tithandizeko mapepala." M'bale ameneyo ndimwe.

Tiyelekeze motele. Kilabu ya azimai 15 ku Mpanshya yalandila thandizo la CDF, yagula ming'oma ya njuci na mabotolo. Amai apampando ali na mwana wa mlongo wao ku Mtendere, mnyamata wolimbika ndiponso wokhulupilika. Iye apita kukalembetsa dzina, ndipo pofika pa malo olemba mwini, aika dzina lake na nambala ya NRC yake, pakuti ndiyo ili m'thumba, ndipo azimai 15 sangakwele basi kudzasaina. Lebulo aipangitsa kwa mnzake wa laputopu, am'lipila pa mobile money. Peji ya Facebook aitsegula pa foni yake, ndipo nambala ya pa botolo ni ya SIM yake. Papita zaka zitatu, uci wagwila msika. Kodi azimai aja ali na ciani? Ali na njuci, uci na mabotolo. Zonse zimene zimabweletsa kasitomala zili m'dzina la munthu wina.

Tiyambe na dzina. Anthu ambili amasokoneza zinthu ziwili. Kulembetsa business name, pansi pa lamulo la 2011, ni kuuza boma kuti ndani amacita malonda na dzina limeneli. Trade mark ni ina: ndiyo imakupatsa mphamvu yoletsa wina kuika dzina kapena cizindikilo cofanana na cako pa katundu wa mtundu umodzimodzi. Ungakhale na setifiketi yoyamba yopacika pa cipupa koma yaciwili ulibe. Ndipo kugwilitsila nchito dzina kwa nthawi yaitali si cikole ca umwini. Mu 2012 khoti ya Supreme Court inaweluza mlandu wa makampani awili, DH Brothers Industries na Olivine Industries, olimbilana dzina lakuti Daily. DH Brothers inali kugwilitsila nchito dzinalo koma inalibe setifiketi ya trade mark muno mu Zambia, ndipo khoti inapeza kuti pansi pa lamulo la nthawiyo siikanatha kuletsa Olivine kulilembetsa. Ngati kampani yokhala na maloya ingagwe pa cifukwa cimeneci, nanga kilabu ya ku Mpanshya?

Lamulo la nthawiyo linali la 1958, la m'nthawi ya atsamunda. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inapanga latsopano, Trade Marks Act No. 11 ya 2023. Lamuloli linalembedwa kuti liteteze nawonso maina a anthu amene amagulitsa nchito ya manja ao, monga ometa, a malo odyela na oyendetsa mabasi, amene lamulo lakale linali kuwasiya kunja. Lilinso na malo a cizindikilo ca gulu, cimene mamembala onse angagwilitsile nchito koma mwini wake ni gulu lenilenilo. Ici ndico ciyenelela magulu a CDF. Koma kaya lakale kaya latsopano, njila yosamutsila trade mark ni imodzi: pangano lolembedwa, ndiyeno kukalembetsa kusinthako ku PACRA kuti kaundula aonetse mwini watsopano. Ni ulendo womwe uja wa ku RTSA, ofesi cabe ndiyo yasintha.

Caciwili ni cithunzi ca pa lebulo. Ici cili pansi pa lamulo la copyright la 1994, limene limateteza zojambula, zolemba na nyimbo kuyambila pamene zapangidwa, popanda kupita ku ofesi iliyonse. Lamuloli likamba kuti mwini woyamba ni wopanga. Koma ngati wapanga monga mbali ya nchito imene analembedwa, mwini ni abwana. Ndipo ngati wacita kutumidwa na munthu wina, mwini ni wom'tuma. Ine pano, nkhani imene muwelenga iyi nailemba ndine, koma mwini wake ni amene amanilipila kumapeto kwa mwezi.

Poyamba izi zimveka monga zikomela wa bizinesi. Koma funsani: ndani anatuma? M'citsanzo cathu, amene anakamba na wa laputopu ni mnyamata wa ku Mtendere, ndipo meseji ya malipilo ili pa foni yake. Nanga ngati logo inajambulidwa na mdzukulu wa pa sukulu mwa kufuna kwake, n'kupatsa agogo monga mphatso? Sanalembedwe nchito, sanatumidwe. Mwini akali iye. Kuti umwini ucoke kwa aliyense wa iwo kupita ku kilabu, lamulo lifuna pepala lolembedwa, losainidwa na amene akupeleka. Palinso msampha wina. Wa laputopu akatenga cithunzi ca njuci pa intaneti n'kucimata pa lebulo, sangakupatseni cimene si cake. Ndipo akakupatsani cithunzi comaliza cabe, fayilo yeniyeni yosinthika n'kutsala mu laputopu yake, tsiku limene mufuna kusintha mtengo kapena nambala mudzam'sakila tauni yonse. N'cimodzimodzi na kanyimbo ka pa wailesi: woimba, wopanga beat na mwini situdiyo, aliyense angakambe kuti ali na gawo ngati palibe cimene munalembelana.

Cacitatu ni kapangidwe: muyezo wa sopo, kasakanizidwe ka munkoyo, supu imene imapangitsa madilaiva a malole kuima pa malo anu n'kusiya a mnzanu. Copyright siteteza luso la kuphika kapena nzelu ya m'mutu. Cimene cimateteza ni cinsinsi, ndipo cinsinsi cimene mwauza wanchito cimakhala na mphamvu ngati munalembelana kuti sadzaciulula.

Cacinai, cimene pa Zed cimapweteka msanga kupambana zonse, ni nambala na peji. SIM iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake monga mwa malamulo a ZICTA, ndipo ndalama za mobile money zimagwela kwa mwini nambala. Mabotolo 1,000 akatuluka na nambala imeneyo, makasitomala onse ali m'thumba la munthu mmodzi. Izi si za kumudzi kokha. Mukagula shopu kapena saluni ku Matero, mashelefu na mipando mungawelenge na maso. Koma ngati dzina, nambala na peji sizinachulidwe m'pangano, mwagula cipinda, makasitomala atsala kwa wogulitsa. Mawa angatsegule pa kona yotsatila na cikwangwani comwe cija.

Sinikamba kuti mnyamata wa ku Mtendere ni kawalala, iyayi. Zinthu zingaonongeke popanda munthu woipa. Cakudza siciimba ng'oma. Akamwalila mwadzidzidzi osasiya wilo, zonse zimene zili m'dzina lake zimalowa m'cuma camasiye. Lamulo la Intestate Succession la 1989 limagawa cumaco motele: magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, na 10 kwa ena amene anali kudalila malemuyo. Kilabu ya azimai mulibe m'mndandanda umenewu. Adzafunika kuonetsa kuti mnyamatayo anali kungowasungila dzinalo, ndipo popanda colembedwa adzakhala na mau ao okha, pamene banja lili na setifiketi m'manja.

Koma tisanathamangile kusaina ciliconse, tikumbuke kuti pepala lomwelo limene limakuteteza lingakulandenso. Mu 1939 woimba wa Cizulu, Solomon Linda, anajambula nyimbo ya Mbube ku Johannesburg. Umwini wake anaupeleka ku kampani ya Gallo pa mashilingi 10. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasinthidwa kukhala The Lion Sleeps Tonight, ndipo inamveka mpaka mu filimu ya Disney ya The Lion King. Linda anamwalila mu 1962 ali wosauka. Mlandu wa banja lake unalowa m'khoti mu 2004, ndipo mgwilizano wowalipila unapezeka mu 2006, mwini nyimbo atagona m'manda zaka 44. Apa pepala linalipo. Cimene cinam'pweteka ni zimene zinalembedwapo.

Ndipo cinthu ca m'mutu sicikalamba monga minibasi. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga mbali ya nyimbo ya Ngozi Family, Nizakupanga Ngozi, n'kuiika m'nyimbo yake ya Noid. Nyimbo ya Paul Ngozi inatuluka mu 1977, mwini wake anamwalila mu 1989, koma lamulo lathu limateteza nyimbo imene munthu wapeka kwa moyo wake wonse na zaka 50 pambuyo pa imfa. Ndani mu Lusaka wa 1977 akanaganiza kuti patapita zaka 47 nyimboyo idzamveka m'mafoni a acinyamata padziko lonse? Tsiku limene wakunja agogoda na ndalama, amafunsa kuti mwini ndani, ndipo pepala lili kuti.

Ndiye cifukwa cake tiyenela kusiyanitsa kugulitsa na kubweleketsa. Wa mu Lusaka aliyense amadziwa kusiyana kwa kugulitsa nyumba na kuikamo munthu wa lendi. Kugulitsa umwini maloya amati assignment: cinthu capita, sicibwela. Kubweleketsa amati licence: mwini ukali iwe, wina agwilitsila nchito kwa nthawi, dela na mtengo umene mwagwilizana. Ethiopia inasankha njila yaciwili. Inayamba kulembetsa maina a khofi wake, Sidamo, Harar na Yirgacheffe, monga ma trade mark m'maiko akunja, ndipo mu 2007 kampani ya Starbucks inasaina pangano logwilitsila nchito mainawo, umwini n'kutsala ku Ethiopia. Conco wamalonda wa mu Lusaka akafika ku Rufunsa na pepala, ati "sainani apa kuti nizigulitsa uci wanu m'masupamaketi", funso loyamba likhale lakuti: kodi dzina lathu tikupatsani, kapena tikubwelekani?

Nidziwa zimene ena adzakamba pa basi. "Manje nikauze amalume kuti sainani? Adzati siniwakhulupilila." Zoona, cibale ni fupa, siciola. Koma cibale cimayesedwa tsiku limene ndalama zaoneka ndipo aliyense akumbuka zom'komela. Nthawi yabwino yolemba ni pamene bizinesi ikali yaing'ono, palibe colimbilana, ndipo kusaina sikupweteka aliyense.

Ena adzati maloya ni odula ndipo mapepala ni a Cizungu. Awa ali na mfundo. Amai a ku Shikabeta amene amakamba Cisoli akapatsidwa mapeji asanu a Cizungu ca maloya, siginecha yao siionetsa kuti amva. Koma pangano losavuta silifuna mapeji asanu. Pepala limodzi lingakwane, ngati lili na izi: maina na manambala a NRC a onse awili, kapena dzina la kopaletivu na nambala yake yolembetsela, cinthu ceniceni cimene cikupelekedwa, logo yake itamatidwa pomwepo, mau omveka akuti ni kugulitsa kapena kubweleketsa, ndipo ngati ni kubweleketsa, kwa zaka zingati na kudela liti, mtengo na kalipilidwe, tsiku lopeleka mafayilo, mapasiwedi na SIM, cimene cidzacitika membala akacoka, akamwalila kapena gulu likagawika, ndiyeno tsiku, masiginecha na mboni. Liwelengedwe mokweza m'cinenelo cimene onse amva asanasaine, ndipo aliyense atenge kope lake. Ngati pali ndalama zambili kapena trade mark yolembetsedwa, pamenepo loya afunika, ndipo amene sangakwanitse angafunse ku Legal Aid Board.

Palinso njila yacidule imene imapewa mavuto onsewa. Kopaletivu yolembetsedwa kapena kampani ni munthu pamaso pa lamulo: ingakhale na katundu m'dzina lake, ndipo siimwalila apampando akamwalila. Gulu likalembetsa zonse m'dzina lake kuyambila tsiku loyamba, ndipo likalipila wa laputopu na lisiti yolembedwa dzina la gulu, palibe cosamutsa m'tsogolo.

Kwa aboma, maganizo anga ni awa. Ngati ndalama za anthu zagula ming'oma na makina, dzina limene lidzakula pa ndalamazo liyenela kukhala la gulu limene linalandila. Makomiti a CDF na makhonsolo, kuphatikizapo ya Rufunsa, angamafunse funso limodzi cabe pa fomu na pa maphunzilo a magulu: dzina, lebulo na nambala zili m'dzina la ndani? Funsoli silidya bajeti. PACRA nayo ifunika kumveka m'Cisoli na m'Cinyanja pa mawailesi a m'madela, cifukwa lamulo la 2023 silingathandize munthu amene sanalimvepo.

Koma mbali yaikulu ili kwa ise a mu tauni. Ngati pali setifiketi, SIM kapena peji imene musungila amai, alongo kapena kilabu ya kumudzi m'dzina lanu, lembani kuti ni yao, sainani, muwatumizile pa basi ya kum'mawa, ndipo muyambe njila yosintha dzina ku ofesi. Ngati ndimwe wa laputopu kapena wa situdiyo, lembani pa lisiti cimene mwagulitsa na cimene mwasunga. Ngati mugula kantemba kapena saluni mwezi uno, funsani za dzina na nambala musanayambe kuwelenga ndalama.